Tsiku Limene Kamizere Anakana Chitseko

Mutu 6

1. Chikwama chichoka pakhoma

Bambo ake a Kamizere anali atangochitidwa opaleshoni ya ng'ala. Diso lakumanja linali lomata ndi bandeji, ndipo adokotala anawauza kuti kwa milungu iwiri asayende padzuwa, asapite pafumbi, asanyamule cholemera. Kwa munthu wozolowera kudzuka n'kukwera njinga yamoto, imeneyo inali ndende yeniyeni. Anangokhala pampando wa pabalaza, kung'ung'udza ngati mwana wolandidwa mpira.

Ntchito yawo inali yowongola magalimoto popanda kupenta. Galimoto ikagundidwa pang'ono, chitsulo n'kulowa mkati koma penti osasupuka, malo amenewo amati denti. Iwo ankapita komwe kuli galimotoyo, kaya kunyumba kaya kuofesi, n'kukankha chitsulocho pang'onopang'ono mpaka chibwerere mwakale.

Ankayenda ndi bolodi loyera la mizere yakuda. Akaliimika pafupi ndi galimoto, mizereyo inkaoneka pa penti ngati pagalasi, ndipo pomwe pali denti inkakhota. Bolodi limeneli ndi limene linawapatsa dzina loti a Mizere. Mwana wawo wamkazi atamaliza sukulu n'kuyamba kuwatsatira, anthu sanavutike n'kuganiza. Anangoti Kamizere.

Mtsikanayu anali ataphunzira ntchitoyi zaka ziwiri, koma anali asanapiteko yekha.

M'mawa wa tsiku lachinayi chichitikire opaleshoniyo foni inalira. Anali a Tayi, mwini bwalo logulitsirapo magalimoto. Ankafuna munthu msangamsanga. A Mizere anamvetsera, anavomera, kenako analoza chikwama cha zida chimene chinali pakhoma.

"Tsitsa icho, ukhale apa undimvere," anatero. "Bwalo la a Tayi ndaligwirira ntchito zaka zisanu ndi zinayi. Pa magalimoto khumi amene timawongola, asanu ndi awiri amachokera kumeneko. Tikataya bwalo limenelo, njinga iyi izingogona pakhonde. Tsono a Tayi ndi munthu wa mtima wapachala. Akakulankhula zopweteka, ingomeza mate. Usawayankhe mwano, usawaseke, usawaphunzitse malonda awo."

"Ndamva, bambo."

"Sindinamalize. Ntchito yathuyi si ya mphamvu. Ikanakhala ya mphamvu, bwenzi onyamula matumba atatilanda kalekale. Ndi ya maso ndi kudekha, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Usanaike chida pagalimoto ya munthu, uyambe waizungulira yonse. Uone penti. Ugogode ndi chala, umve kulira kwake. Uike maginito. Chitsulo chenicheni chimagwira maginito, koma pomwe wina anamatapo fila, phala lija amabisira mabala a ngozi n'kupenta pamwamba, maginito amagwa. Malo oterowo usakankhe, usakoke ndi guluu. Fila sapindika, amasweka, ndipo akasweka amachoka ndi penti yemwe. Zikatero palibe amene amakumbuka munthu amene anamata fila uja chaka chatha. Amakumbuka iwe amene uli ndi chida m'manja."

Amayi ake a Kamizere anasuzumira kuchokera kuchipinda, atanyamula zovala zosita.

"Mukamuuza zonse lero, mawa mudzamuuza chiyani? Musiyeni mwana apite, dzuwa likukwera."

Kamizere anamanga chikwama ndi bolodi kumbuyo kwa njinga, anavala helimeti ya bambo ake, n'kuliza injini. Kunena zoona, anatuluka pageti mapewa ali m'mwamba.

2. Pabwalo la a Tayi

Bwalolo linali lalikulu, la mpanda wa waya, magalimoto atandandalika mizere itatu, iliyonse ndi pepala la mtengo pagalasi. Mwini wake ankavala tayi tsiku lililonse, kutenthe kuzizire, ndipo dzina lawo linachokera pamenepo. Ena ankati amagona nayo.

Ataona kuti wovula helimetiyo ndi mtsikana, nkhope yawo inagwa.

"Ine ndinaitana a Mizere, osati mwana wa a Mizere."

"Bambo ali ndi bandeji m'diso, bwana. Andituma ine."

"Akutuma kudzanena kuti sabwera, kapena kudzagwira galimoto yanga?"

"Kudzagwira ntchito, bwana."

A Tayi anaseka kakuseka kouma. Kamizere anameza mate monga anauzidwira.

Pansi pa denga la malata panali galimoto yaing'ono yabuluu, ndipo pambali pake panaima mayi wina atavala yunifolomu yoyera. Anali anesi. Galimotoyo anaigula pabwalo lomweli milungu iwiri yapitayo, ndipo inali yawo yoyamba chibadwire. Tsiku logulalo anaona madenti awiri, ina pamadigadi akutsogolo, ina pachitseko chakumbuyo. A Tayi analonjeza kuti adzawakonzera mwaulere, ndipo lero linali tsikulo.

"Musaope, anesi," anatero a Tayi, mawu atasintha kukhala a uchi. "Timadenti iti n'ta m'sitima ya pamadzi, pobwera kuchokera kunja. Galimoto iyi chitulukire kufakitale sinachitepo ngozi. Ndinakuuzani tsiku lija, ndikubwerezanso lero."

Anesi anayang'ana wotchi yawo. "Ndikulowa ntchito masana, achemwali. Mukwanitsa?"

"Ndiyamba ndaona kaye, mayi," anayankha Kamizere.

3. Denti yoyamba

Anayambira pamadigadi. Denti yake inali ngati pomwe pakhala dzira, pamwamba pa tayala. Anapukuta fumbi, anagogoda ndi chala, chitsulo chinalira bwino. Anatulutsa kamaginito kokulunga m'kansalu kuti kasakande penti. Atakaika, kanangoti kakamira.

Anaimika bolodi, anagwada, anatsinzina diso limodzi. Mizere yakuda ija inabwera yowongoka, n'kufika padenti inakhota ngati miyendo ya matewe.

Anafunditsa penti ndi choumitsira tsitsi kuti asasweke. A Tayi ataona chidacho sanapirire.

"Taonani anesi, atibweretsera saluni."

Kamizere sanatembenuke. Anamasula pulasitiki ya kuseri kwa tayala, anasankha ndodo yachitsulo yopindika kumapeto, n'kuilowetsa mkati. Kuchokera pamenepo sanaonenso munthu. Nsonga ya ndodo inali kuseri kwa chitsulo kumene maso safika, koma iye ankaidziwa pomwe ili poona kamzere kamene kanjenjemera. Ankakankha pang'ono, n'kusuntha. Pang'ono, n'kusuntha. Pena pakatukuka mopitirira, ankapabweza ndi kachikhomo ka pulasitiki ndi kahamala kopepuka.

Anzanga, ntchito imeneyi wopupuluma saitha. Denti imodzi imafuna kukankha mwina kazana, ndipo kukankha kulikonse n'kochepa kuposa kanjere ka mchenga. Thukuta linatsika m'khosi mwake, mawondo anachita dzanzi, koma sanasiye kukankha.

Patatha mphindi makumi anayi anadzuka, anachotsa bolodi, anapukuta malowo.

"Mayi, tabwerani mundionetse pomwe panali denti."

Anesi anawerama. Anayang'ana cha uku, anayang'ana cha uko. Anasisita ndi chikhatho. Kenako analoza malo olakwika, pafupi ndi nyale, n'kuyamba kuseka okha.

"Koma achemwali inu, manja amenewa muwasamale. Kuchipatala kwathu akanakulembani ntchito yosoka mabala."

Ngakhale a Tayi anachita kuvula magalasi, kuwapukuta ndi tayi yawo, n'kuwavalanso.

"Ndimakuuzani, anesi, kuti pano timaitana akatswiri okhaokha," anatero, osachita n'komwe manyazi.

Mtima wa Kamizere unadzaza. Analakalaka bambo ake akanakhala pamenepo, ngakhale ndi diso limodzi lomwelo.

4. Maginito agwa

Anasamutsira bolodi pachitseko chakumbuyo. Denti ya apa inali yaing'ono kuposa yoyamba ija, ndipo aliyense akanati ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma atagwada, Kamizere anakwinya nkhope. Mizere sinakhote padenti pokha. Inkayenda mwamafunde kuyambira pachogwirira mpaka kumunsi.

Anagogoda chitseko chakutsogolo, chinalira bwino. Anagogoda chakumbuyocho, chinangoti phu, ngati wagogoda khoma.

Anaika maginito. Anagwa pansi. Anawatola, anawaika pena. Anagwanso. Kachitatu anaika pafupi ndi denti, ndipo anatsetsereka n'kukagwera pansapato ya a Tayi.

A Tayi anaponda maginitowo.

"Anesi, takhalani pabenchi apo, pali kamthunzi," anatero akumwetulira. "Iwe, tabwera kuno ndikuonetse galimoto ina."

Anamutengera kuseri kwa lole, kumene anesi sakanamva. Kumwetulira kuja kunatsala kutsogolo.

"Tamvera, mtsikana iwe. Dzanja uli nalo, ndaona. Tsono usawononge tsiku lako labwino. Tenga guluu wako, umate kapulasitiki kokokera kaja, ukoke pang'ono, denti ibwere, mayiyo azipita kuntchito. Basi."

"Chitsekocho chili ndi fila, bwana. Ndikakoka, penti achoka."

"Mwina achoka, mwina sachoka. Akapanda kuchoka, tonse tapambana. Akachoka, tinena kuti ndi ngozi ya pantchito, ndimutumiza kwa openta, nkhani yatha. Iwe ukutayapo chiyani?"

"Mayiwo adzati ndawawonongera ndine."

"Ndiye chiyani? Mayiyo adzakuonanso kuti? Ine undiona mawa, undiona mkuja. Pabwalo pano pali magalimoto makumi atatu, ndipo mwezi wamawa akubwera ena. Onsewo akudikira manja akowo. Ndikuuze, ndakhala pa malonda awa iwe usanabadwe. Choonadi n'chabwino kutchalitchi, koma sichigulitsa galimoto. Bambo ako amadziwa zimenezi. Chitseko ngati ichi anachikokapo pabwalo lomwe lino, osafunsa mafunso. Iwe ndiwe wanzeru kuposa bambo ako?"

Mawu omalizawo anamulasa Kamizere. Anafuna kuyankha kuti limenelo ndi bodza, koma anakumbuka zimene anauzidwa m'mawa, n'kumeza mate.

"Ukakana," anapitiriza a Tayi, "njinga imeneyo isadzalowenso pageti langa. Iweyo ngakhale bambo ako. Pita ukaganize uku ukutenthetsa guluu."

5. Yankho la Kamizere

Kamizere anabwerera pagalimoto paja. Anatsegula chikwama. Chotenthetsera guluu chinali pamwamba penipeni, ndipo timapulasitiki tokokera tinali m'kabotolo pambali pake. Anayang'ana zimenezo, anayang'ananso anesi amene ankapukuta kalilole wa galimoto yawo ndi mpango.

Anatola maginito ake padothi, anawapukuta, anawaika m'thumba. Kenako anapinda bolodi.

"Mwamaliza kale?" anafunsa anesi.

"Ayi, mayi. Chitseko ichi sindichigwira."

"Bwanji? Chakukanikani?"

A Tayi analowererapo msanga. "Ndi mwana uyu, anesi, akuphunzira kumene. Chamukulira. Tiitana wina."

Apa ndiye panali poyesa munthu. Kungovomera kuti chamukulira, bwalo likanapulumuka, ndipo a Tayi akanamuyamika m'seri. Koma anesi anali atamufunsa iye, maso ndi maso.

"Sichinandikanike, mayi," anatero Kamizere, mawu ali pansipansi. "Ntchito yathu ndi ya chitsulo chimene sichinamatidwe. Chitseko ichi chinagundidwapo kale, anamatapo fila n'kupenta. Ndikachikankha kapena kuchikoka, chisweka. Chimenechi n'chofunika openta, kapena chitseko china."

"Mwadziwa bwanji?"

Kamizere anatulutsanso maginito aja n'kuwapatsa m'manja. "Yesani nokha. Muyambe kutsogoloko."

Anesi anaika pachitseko chakutsogolo, anakakamira. Anaika chakumbuyo, anagwa. Anayesanso, anagwanso. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa a Tayi. Sanakweze mawu. Anthu ozolowera odwala ovuta sakweza mawu.

"Bambo, munandiuza kawiri kuti galimoto iyi sinachitepo ngozi."

"Anesi, mukumvera mwana wa dzulodzuloyu?"

"Sindikumvera mwana. Ndaona ndi manja anga. Makiyi ndi awa. Galimotoyi ndikuisiya pano, ndipo ndidzabwera Loweruka. Ndidzapeze chitseko china, kapena tidzakambirane kumene kumakambidwa nkhani zotere."

Anamugwira Kamizere paphewa, anamuthokoza, n'kuthamangira basi imene inali itaima kunja kwa mpanda.

A Tayi anamasula tayi yawo. Mlonda wa pageti anadzanena pambuyo pake kuti chiyambire ntchito anali asanaonepo zimenezo.

"Longedza katundu wako," anatero. "Ukawauze bambo ako kuti zaka zisanu ndi zinayi zathera pakamwa pako."

"Zikomo, bwana," anayankha Kamizere. Anamanga chikwama bwinobwino, lamba uliwonse pamalo pake, n'kukankha njinga mpaka pageti. Misozi inayamba atavala helimeti.

6. Zimene bambo ananena

Anawapeza bambo ake pampando womwe uja, wailesi ili pamwendo. Amayi anali atapita kumsika. Kamizere sanakhale pansi. Anaima pakhomo ndi chikwama m'manja n'kufotokoza zonse, kuyambira padenti ya pamadigadi mpaka pamawu omaliza a a Tayi. Sanawonjezepo, sanachotsepo.

A Mizere anazimitsa wailesi.

"Maginito unaika kangati?"

"Katatu."

"A Tayi unawachita mwano?"

"Ayi, bambo. Ndinawathokoza pochoka."

"Ndiye ukulirira chiyani?"

"Ndataya bwalo lanu. Munandiuza m'mawa kuti ndisalitaye." Anapukuta m'maso. "Komanso anakunenerani bodza. Akuti inu munakokapo chitseko chafila pabwalo lawo. Ndinafuna kuwayankha, koma ndinameza."

A Mizere anaweramitsa mutu.

"Khala pansi, mwanangu. Silinali bodza."

Kamizere anaika chikwama pansi n'kukhala.

"Papita zaka zisanu. Inali galimoto yofiira ya mphunzitsi wina wachikulire. Maginito anagwa monga agwera lero, ndipo a Tayi anandiitanira kuseri monga akuitanira iwe. Ine ndinaganiza za ana, ndinaganiza za njinga imene ndinali nditangogula, ndinatenthetsa guluu. Ndinakoka mwaulemu kwambiri, ndipo tsiku limenelo penti sanachoke. Ndinabwera kunyumba ndikudziyamikira. Patatha mwezi ndinaiona galimoto ija pamphambano, chitseko chitang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Mphunzitsi uja anandizindikira. Sanandikalipire ayi. Anatsitsa galasi n'kundipatsa moni, akumwetulira, chifukwa sankadziwa kuti ndine. Moni umenewo mpaka lero umandiwawa."

Anakonza bandeji yawo.

"Ukuganiza kuti za maginito ndimakuuza mobwerezabwereza chifukwa chiyani? Munthu amalimbikira kuphunzitsa mwana wake chimene chinamugonjetsa iye. M'mawa ndinakupatsa malamulo awiri, loti usunge bwalo ndi loti usakoke fila. Ndinkadziwa kuti tsiku lina awiriwo adzagundana, koma sindinakuuze loti usankhe, chifukwa ine ndinasankha molakwika. Kuwongola denti ndinakuphunzitsa ndine, zimenezo sindikana. Koma ichi wachita lerochi sunachitengere kwa ine. Wandiposa, mwanangu. Ndikunena mosabisa, ndakunyadira."

Kamizere anagwira dzanja la bambo ake, lokhakhala ngati sandipepa.

"Bwalo lapita, lipite," anatero a Mizere. "M'tauni muno mabwalo alipo ena asanu. Diso likapola tidzawayendera limodzi, ndipo wolankhula udzakhala iwe."

Asanamalize bwino, foni yawo inalira kauthenga. Anaipereka kwa mwana wawo poti zilembo zinkawavuta. Uthengawo unachokera kwa mwini bwalo lina, mnzawo wakale.

Panali chithunzi cha chitseko chabuluu. Pakati pake penti anali atachoka chigamba chachikulu ngati mbale, fila woyera ali poyera. A Tayi anali ataitana munthu wina, ndipo munthuyo anakoka. Pansi pa chithunzicho panali mawu amene a Tayi anatumiza kwa eni mabwalo onse asanu: "Chenjerani ndi mwana wa a Mizere. Taonani zimene wandichita lero."

Kamizere anawerenga mokweza mpaka kumapeto.

"Amene anaona kuti sunachigwire ndani?" anafunsa bambo ake.

"Anesi aja okha. Mlonda anali kutali."

"Nambala yawo unatenga?"

Kamizere anapukusa mutu. Sankadziwa nambala yawo, sankadziwanso chipatala chimene amagwirako ntchito. A Mizere anausa moyo n'kutsamira pampando.

Mtsikanayo anaimirira n'kutenga helimeti patebulo.

"Zipatala m'tauni muno zilipo zinayi, bambo. Mafuta m'njinga alimo."